Yankho kwa mayi wofunsa za mimba yosaphwa atachira pa opaleshoni

Mayi anzanga, mwati patha masabata 3 chichitireni opaleshoni, mimba ikadali tuu ngati muli ndi pakati, ndipo apongozi akuti muziimanga zolimba ndi chitenje n'kumaithowa ndi madzi otentha. Pepani, koma musafulumire.

Chiberekero chimatenga masabata pafupifupi 6 kuti chibwerere mwakale. Kupota kwa m'mimba poyamwitsa kuja ndi chiberekerocho chikufota. Komanso minofu iwiri yapamimba imatalikirana nthawi ya pakati. Pakatha masabata 8, mudzagone chagada, mawondo mutapinda, mudzutse mutu pang'ono n'kupisa zala pamwamba pa mchombo. Mukadzapeza mpata wolowa zala zoposa ziwiri, mukawauze anamwino.

Zothowazo ayi ndithu. Khungu lozungulira chilonda limachita dzanzi, ena miyezi yambiri, ndiye mutha kupsa osamva. Ndipo musanyengeke poona kuti kunja kwauma. Adadula mpaka chiberekero, m'katimo mumachedwa kupola. Apongozi akufunirani zabwino, kungoti nzeruzo adazidziwira pa uchembere wopanda mpeni. Chitenje mutha kumanga momasuka, chimathandiza poyenda, koma sichisungunula mafuta. Mukamanga moti kupuma kukuvuta, mwalakwitsa.

Pakadali pano musanyamule cholemera kuposa mwana wanuyo. Ndowa ya madzi, thumba la makala, kusinja, kukolopa mowerama, zonsezo apatseni abambo a kunyumba, asazembe. Podzuka tembenukirani cham'mbali kaye, mutsitse miyendo, mudzikankhe ndi mkono. Potsokomola gwirizani pilo pachilonda. Muziyenda pang'onopang'ono pabwalo tsiku lililonse, ndipo mukagona muzikokera mchombo m'kati mofatsa uku mukutulutsa mpweya. Masewera olimba adikire achipatala akuoneni pa masabata 6, komweko mukafunsenso za kulera, chifukwa chipsera cha chiberekero chimafuna nthawi musanaimenso.

Kachikopa kolendewera pamwamba pa chipsera kaja, kunena zoona, kwa ena kamachepa pakapita miyezi, kwa ena kamatsalako ndithu. Matiyi ophwetsa mimba amene akutsatsa pa Facebook alekeni. Ambiri amangotsegula m'mimba, chonsecho inu mukuyamwitsa.

Koma thupi likatentha, chilonda chikatupa, kutuluka mafinya kapena kununkha, magazi akachuluka mwadzidzidzi, kapena mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, musalembenso muno kufunsa. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.