Kwa mudala wa Altezza amene afuna kuchotsa cat ndi sailensa

Mudala, funso lanu ndaliona, mwati muli ndi Toyota Altezza AS200 ya automatic ndipo mufuna ilire komanso ithamange, ndiye makaniko wakuuzani kuti muchotse cat (catalytic converter, kachitini ka pa ekizozi koyeretsa utsi) ndi sailensa, muike paipi imodzi mpaka kumbuyo ndi cone filter (sefa ya mpweya yopanda bokosi) kutsogolo. Chonde musadule chilichonse kaye. Kulira ndi mphamvu ndi zinthu ziwiri zosiyana, kulira n'kotchipa koma mphamvu pa injini yopanda turbo imadya ndalama zambiri, ndipo zimene wakuuzanizo zikupatsani phokoso chabe.

Tiyambe ndi injini yanu. AS200 ili ndi 1G-FE, masilinda 6 pamzere umodzi, malita 2.0, ndipo pochoka ku Japan inalembedwa 160 PS, ndiye kuti mphamvu ya mahachi 160. Inzake ija RS200 ndiye ili ndi 3S-GE BEAMS ya masilinda 4, imene ya manual imafika 210 PS, anthu amazisokoneza chifukwa thupi ndi limodzi. Manje Lusaka ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pa nyanja, mpweya kuno ndi wopepuka ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 pa 100 ya mphamvu yake pa mamita 300 alionse. Ndiye kuti 160 ija pa Great East Road ili cha m'ma 140, ikakhala kuti injini ili bwinobwino. Komanso kumbukirani kuti Altezza anasiya kupanga mu 2005, yanu yakwanitsa kale zaka 20. Mahachi ambiri amene mukuwasowa sanatsekeredwe mu sailensa ayi, anathawira m'mapulagi okutha, makoyilo ofooka, throttle body yakuda ndi ma injector otsekeka. Yambani ndi savisi yeniyeni, muyezetse compression pa silinda iliyonse, muone timing belt chifukwa 1G-FE ya VVT-i lamba akaduka mavalavu amagundana ndi mapisitoni, musinthenso oilo wa giyabokosi ngati simudziwa kuti anasinthidwa liti. Motoka zambiri zimadzuka pomwepo, mwini wake n'kudabwa.

Za paipi manje, apa ndiye pamene anthu amaonongera motoka. Utsi sutuluka mu injini ngati madzi a pampopi, umatuluka modukizadukiza, silinda iliyonse ikaphulika imaponya kake, ndipo kagulu kakathamanga mupaipi kamasiya mpata kumbuyo umene umakoka utsi wa silinda yotsatira. Kuti zimenezi zitheke utsi uyenera kuyenda mwaliwiro. Mukaika chipaipi cha mainchesi 3 pa injini ya malita 2.0 yopanda turbo utsi umazizira n'kuyenda mwaulesi, motoka imalemera ponyamuka, ndipo ndi automatic ya magiya 4 ngati yanuyo muzamva kwambiri pochoka pa maroboti ndi pa mahampu, malo amene mumayendamo tsiku lililonse. Pa 1G-FE mainchesi 2.25 akwana. Mainchesi 3 asiyireni a Subaru ya turbo ndi a 1JZ, injini ya Toyota ya turbo.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita zimene amati cat-back, kusintha kuyambira kumbuyo kwa cat mpaka kumchira. Paipi ya 2.25, resonator pakati, ndi sailensa ya straight-through kumapeto, ija yoti mukasuzumira mumaona kuwala mbali inayo koma mkati muli paipi ya mabowo yokutidwa ndi ubweya wa galasi. Resonator musaichotse ngakhale akunyengerereni bwanji. Ndi imene imapha kulira kuja kwa wuuuu kumene kumadzaza mkati mwa motoka injini ikakhala pakati pa 2,000 ndi 3,000 rpm, ndipo pamenepo ndi pamene motoka imakhala mukamayenda ulendo. Sabata yoyamba muzakondwa, koma yendani kupita ku Chipata makilomita oposa 500 ndi phokoso limenelo m'makutu, muzafika mutu ukuwawa ndipo amene mwanyamula sazafunanso kukwera. Injini ya masilinda 6 pamzere ili ndi mawu okoma kale, osalala, ikangotsegulidwa pang'ono imaimba yokha. Paipi yopanda kanthu imaononga mawu amenewo, imangokhala kung'aluka.

Mukapita kwa welida funsani mmene amapindira paipi. Makina ambiri m'magalaja athu amafinya paipi pokhota, ndiye 2.25 yanu pakona imachepa n'kukhala ngati ija munachotsa. Gulani makona opindidwa kale a mandrel, amene safinyika pokhota, iye angolumikiza. Chitsulo wamba chimachita dzimbiri msanga ndi madzi a mainza, stainless ndi yodula koma mumalipira kamodzi. Aike ma flange ndi ma gasket osati kuwotcherera zonse kukhala chinthu chimodzi, ma rubber opachikira abwerere m'malo mwake, ndipo paipi ikwere pafupi ndi thupi chifukwa mahampu a mu Lusaka mumawadziwa. Akamaliza lizani injini muyendetse dzanja pafupi ndi polumikiza ponse kumva ngati pakutuluka mpweya. Utsi wodontha pansi pa motoka umalowa mkati, muli carbon monoxide imene ilibe fungo ndipo imapha.

Cat isiyeni. Ndikudziwa anthu ambiri mugulu muno anachotsa ndipo azanditsutsa, koma cat yabwino pa injini ya sitandadi imadya mphamvu yochepa kwambiri moti simungaimve pampando. Mukaichotsa utsi umanunkha, umalowa m'maso mwa amene ali kumbuyo kwanu pa jamu ya mu Lumumba Road ndi ana oyenda m'mbali mwa msewu, ndipo pa motoka zimene zili ndi sensa yachiwiri kumbuyo kwa cat check engine imayaka ndi code P0420. Chinanso, mkati mwa cat muli platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo zodula, n'chifukwa chake pali anthu amene amazigula. Makaniko akakuuzani kuti "tichotse, yatsekeka" funsani kuti wayeza bwanji ndipo akaichotsa ipita kuti. Ngati yatsekekadi motoka imakana kukwera ma rev ndipo imafooka ikatentha, pamenepo ikani ina kapena ya high-flow, yolola utsi wambiri kudutsa.

Cone filter yongomangirira mu boneti imayamwa mpweya wotentha wa injini, mpweya wotentha uli ndi oxygen yochepa, ndiye mumapeza kulira kwa fyuuu koma mphamvu yatsika. Bokosi la Toyota lija linapangidwa kuti lizikoka mpweya wozizira kutsogolo. Ndiponso fumbi la kuno kuyambira August mpaka October si lamasewera, ma cone otchipa amalola fumbi kudutsa ndipo limakadya ma ring pang'onopang'ono. Ena amatsitsa paipi ya mpweya pansi pa bampa kuti ipeze wozizira, ndiye mvula ikagwa madzi n'kudzaza misewu ya ku Kanyama kapena Kamwala injini imamwa madzi, madzi safinyika, con rod, chitsulo chogwira pisitoni, imapindika ndipo injini yatha pomwepo. Ikani filter yabwino m'bokosi lomwelo basi.

Wina mu ma comment wakamba za pops and bangs, kuphulika kuja kwa mu ekizozi. Zimenezo amachita pochedwetsa moto wa mapulagi ndi kusiya petulo kuti akapsere mupaipi mukachotsa phazi. Mphamvu siionjezeka ngakhale pang'ono, kutentha kumaotcha cat, mavalavu a utsi, ndi turbo kwa amene ali nayo. Ndipo usiku mukomboni anthu amadzidzimuka poganiza kuti ndi mfuti, zimenezi ndi zimene zimadanitsa tonse okonda motoka ndi maneba.

Ngati mufunadi mphamvu yoti muimve kumsana, njira zake ndi zodula ndipo ndi bwino mudziwiretu. Remap, kulembanso pulogalamu ya kompyuta ya injini, imapindula kwambiri pa injini za turbo chifukwa amakweza boost, mpweya umene turbo imakankhira mu injini, pa 1G-FE phindu ndi lochepa ndipo kompyuta yake yakale siilola kulembedwanso mosavuta, pamafunika piggyback (kakompyuta kowonjezera pa yakale) kapena standalone (kompyuta yolowa m'malo mwa yakale) ndi munthu wodziwa kutchuna ndi wideband, sensa yoyeza kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo, osati wongoganizira ndi khutu. Kumanga turbo pa 1G-FE kumafuna manifold, intercooler, ma injector aakulu, pampu ya petulo, mapaipi a oilo, ndipo compression yake ndi 10:1, mukalakwitsa timing injini imagogoda ndipo pisitoni imasungunuka, giyabokosi ya automatic nayo siikonda zimenezo. Ambiri amene anayenda njira iyi amathera pa swap, kuchotsa injini yonse n'kuika 1JZ-GTE, malita 2.5 turbo, 280 PS kuchokera kufakitale, pamodzi ndi giyabokosi yake, waya ndi kompyuta yake. Mukawerengera zonse nthawi zambiri kugulitsa AS200 n'kugula RS200 ya manual kapena Subaru ya turbo kumatchipa.

Mukasintha injini musaiwale mapepala, nambala ya injini ili mu white book ndiye pitani ku RTSA akasinthe, auzeninso a inshuwalansi chifukwa tsiku la ngozi akapeza injini ina angakane kulipira. Pa fitness amayang'ananso utsi ndi ekizozi, paipi yosokosa kwambiri ingakubwezeni ndipo pa roadblock muziimitsidwa kawirikawiri. Mabuleki ndi matayala zikhale patsogolo pa mphamvu iliyonse, Altezza imakoka ndi kumbuyo, pa tara yonyowa ndi matayala a salaula mchira umathawa msanga ngakhale ndi 160 yomweyo.

Tumizani chithunzi cha pansi pa motoka kuyambira ku manifold mpaka kumchira, mutiuzenso ma kilomita amene yayenda ndi ndalama imene mwakonza, tione ngati cat ndi resonator yake zikadalipo chifukwa zambiri zimafika kwa mwini wachitatu zitadulidwa kale.