Funsani dokotala: Tekiniko wa mano angandizule bwinobwino?

Funso: Adokotala, dzino lam'mbuyo landisowetsa tulo masabata awiri tsopano. Ndinapita ku centro de saúde (chipatala chaching'ono) kwathu kuno ku Angónia ndiye amene anandiwona akuti ndi tekiniko osati dokotala, atangoyala zitsulo patebulo ine phazi thandize. Pano ndikumaika asipirini pabowopo. Ndikwere chapa (minibasi) ndipite ku Tete? Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Pepani mayi ndi ululuwo, koma asipirini pabowo siyani lero lomwe, amawotcha nkhama mpaka kuyera ngati mwapsa ndi phala, dzinolo osachira ayi. Imwani parasetamolo.

Munthu munamuthawayo ndi técnico de estomatologia, anaphunzira za mkamwa kusukulu ya zaumoyo ndipo kuzula ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, kunena zoona ambiri mwa iwo dzanja lawo ndi lopepuka kuposa la ife madokotala a matenda ena. Sangofikira kuzula. Amayamba wayang'ana ndi kagalasi, kugogoda dzino, kufunsa ngati muli oyembekezera, muli ndi shuga kapena BP, kapena ngati magazi amachedwa kusiya mukadzicheka. Bowo likakhala laling'ono amakokolola zowolazo n'kumata, zipangizo zikakhalapo. Likafika pamtsempha ngati lanulo lomwe likukudzutsani usiku, kumata kokha sikuthandizanso, amabaya jakisoni wa dzanzi n'kulizula, ndiye mumangomva kukankha basi osati kupweteka. Amapalanso litsiro louma lija lomamatira m'mbali mwa mano lomwe mswachi sungachotse.

Luso lina ndi kudziwa polekezera. Dzino lomera chopingasa mkati mwa fupa, chibwano chothyoka pa ngozi ya njinga yamoto, chotupa chosapola, izo amakulemberani kalata yopita ku Hospital Provincial de Tete. Ndiye musayambe mwawononga mametikali pa chapa iye asanakuwoneni.

Zoti mkati mwa dzino muli nyongolotsi, kapena kuti kuzula lam'mwamba kumapha maso, ndi nkhambakamwa chabe.

Akakuzulani lumani thonje mphindi 30, tsiku limenelo osachukucha, osalavulalavula, magazi oundana pabalapo ndi amene amapoletsa. Mawa lake muzichukucha pang'onopang'ono ndi madzi ofunda a mchere. Koma tsaya likatupa, thupi n'kutentha, kapena mukamalephera kuyasamula ndi kumeza, musadikire kuche, pitani kuchipatala usiku womwewo.