Zaka 47, masamu osawakonda, koma mtima uli m'mwamba: yankho kwa owerenga wathu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano. Dzina lawo ndisunga. Akuti ali ndi zaka 47, amagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, masamu ankawavuta kusukulu, koma chikwerereni microlight, kandege kakang'ono kopepuka, kwa mphindi 20 ngati mlendo, mtima sukukhazikikanso. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndachedwa? Pamafunika maola angati kuti munthu apeze laisensi, nanga ndiyambe ndi ndege yotani?"

Achimwene, simunachedwe. Malamulo amatchula zaka zoyambira, koma satchula zaka zolekezera. Ku Britain, komwe ndigwiritse ntchito ngati chitsanzo chifukwa masewera ouluka pa microlight anazika mizu kumeneko, munthu amaloledwa kuuluka yekha akakwanitsa zaka 16 ndipo laisensi amalandira ali ndi 17. Kwa akuluakulu, choyang'ana ndi thanzi basi. Kumeneko woyendetsa microlight amangosainira kuti thanzi lake ndi lofanana ndi la munthu woyenera kuyendetsa galimoto, pomwe mayiko ena amafuna kuti dokotala akupimeni. Dziko lililonse lili ndi bungwe loona za maulendo apandege, ndipo mawu omaliza amakhala a bungwe la dziko limene mukaphunzirireko.

Za masamu musataye nazo tulo. Tiyerekeze kuti ndege yanu ikuthamanga makilomita 100 pa ola, ndipo mphepo yochokera kutsogolo ikuwomba pa makilomita 20 pa ola. Ndiye kuti pansi mukusuntha makilomita 80 pa ola, ndipo ulendo wa makilomita 120 ukutengerani ola ndi theka. Ngati injini ikumwa malita 14 pa ola, mukufunika malita 21, kuwonjezerapo ena osungira. Pobwerera mphepo yomweyo ikukankhani kumsana, mufika mu ola limodzi. Ngati mwanditsatira mpaka apa, masamu ambiri a ntchitoyi mwawatha kale.

Tsopano mtundu wa ndege. Ma microlight alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi flexwing, ena amati trike: kangolo ka matayala atatu kolendewera pansi pa phiko lansalu looneka ngati mutu wa mkondo. Phiko limeneli linachokera ku nzeru za Francis Rogallo, injiniya wa ku America, ndi mkazi wake Gertrude, amene analandira umwini wa luso lawo mu 1951. Mumakhala pamtetete, mphepo ikukuwombani, mutagwira chitsulo chopingasa chimene chimalumikizana ndi phiko. Wachiwiri ndi three-axis, wooneka ngati ndege wamba koma yaing'ono, wokhala ndi chipinda, ndodo yowongolera ndi zopondera za chipsepse chakumchira. Ikarus C42 ya ku Germany ndi chitsanzo chomwe mungachipeze m'sukulu zambiri. Yonse iwiri imanyamula anthu osapitirira awiri. Kwa nthawi yaitali malire a kulemera kwake ponyamuka anali makilogalamu 450, koma mu 2021 dziko la Britain linawakweza kufika pa 600.

Chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti kawongoleredwe ka ziwirizi n'kotembenuzana. Pa three-axis mukakoka ndodo, mphuno imadzuka. Pa flexwing mphuno imadzuka mukakankha chitsulo kutsogolo, ndipo kuti mukhotere kumanja mumakankhira chitsulocho kumanzere. Manja akazolowera njira imodzi, pa nthawi ya mantha amathamangira komweko. N'chifukwa chake wosintha mtundu amayenera kubwereranso kwa mphunzitsi. Yesani zonse ziwiri kamodzi kamodzi, musankhe imodzi, mukakamire pomwepo mpaka laisensi ituluke. Ine mtima wanga uli pa flexwing chifukwa dziko umaliona popanda galasi, koma ndivomereze kuti three-axis imapirira bwinoko mphepo ndi kuzizira, choncho masiku ophunzira amachulukirapo. Musaidererenso trike: Brian Milton anazungulira nayo dziko lonse mu 1998, ndipo Richard Meredith-Hardy anadutsa nayo pamwamba pa phiri la Everest mu 2004.

Nanga maola? Ku Britain laisensi yake imatchedwa NPPL, ndipo kwa zaka zambiri lamulo lakhala loti munthu auluke maola osachepera 25, mwa amenewo 10 ali yekha. Pali mayeso olemba asanu: malamulo a mlengalenga, zanyengo, kapezedwe ka njira, kapangidwe ka ndege ndi injini, komanso malire a thupi ndi maganizo a munthu. Pamapeto woyesa amakwera nanu kuti aone ndi maso ake. Koma mawu oti "osachepera" muwamvetsetse bwino. Maola 25 ndi poyambira kuwerenga, si lonjezo. Ine anga anapitirira 40, ndipo sindinaonepo vuto. Pokonza thumba lanu, konzerani maola ochuluka kuposa a m'bukuwo, kuti ndalama zisakuthereni mutatsala pang'ono.

Apa ndiye pagona yankho langa lenileni kwa inu, munthu wapantchito. Chimene chidzakuchedwetseni si zaka zanu ayi, koma mipata ya pakati pa maphunziro. Kuuluka kumakhala m'manja, m'maso ndi m'matako momwe mumamvera ndege ikamatsetsereka, ndipo thupi limaiwala msanga zimene langophunzira kumene. Mukauluka lero n'kudzabweranso patatha milungu inayi, theka la ola lanu lidzathera kukumbutsa manja zimene ankadziwa kale. Komanso nyengo idzakulandani masiku ambiri, pakuti ndege yopepuka chonchi siilimbana ndi mphepo yamkuntho, mvula kapena mitambo yotsika. Mukamalembetsa tsiku limodzi pa sabata, mwezi ukhoza kutha mutauluka kamodzi. Lembetsani kawiri. Ngati mungathe, sonkhanitsani ndalama kaye, mutenge tchuthi cha milungu iwiri nyengo yabwino, muziuluka m'mamawa ndi madzulo. Nthawi zimenezo mpweya umakhala wodekha. Masana dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wofunda umakwera m'mizati yosaoneka ndipo kandege kamadumphadumpha, wophunzira n'kumalephera kusiyanitsa cholakwa chake ndi chochita cha mphepo.

Kuwongoka, kukwera, kutsika ndi kukhota mudzazigwira msanga. Potera ndi pamene mudzakhalitse. Mudzazungulira bwalo, kutera, kunyamukanso, kuzunguliranso, maola ndithu, mpaka kuyamba kudzikayikira. Vuto limakhala pa masekondi omalizira, pamene muyenera kuleka kutsika n'kuigwira ndege m'mwamba pang'ono chabe kuchokera pansi mpaka liwiro lithe, ikhale yokha. Wophunzira aliyense amayang'ana pansi pafupi ndi mphuno, pomwe maso amayenera kukhala kutali, kumapeto kwa msewu woterapo. Pamenepa ndi pamene ambiri amasiyira, akuganiza kuti alibe mphatso, chonsecho atsala pang'ono. Kenako tsiku lina mphunzitsi amatsika, n'kukuuzani kuti zungulirani kamodzi nokha. Konzekerani kudabwa: popanda kulemera kwake, ndege imanyamuka msanga ndi kukwera ngati yalumidwa.

Mudzaphunziranso zinthu ziwiri zimene zimaopsa pongozimva. Choyamba ndi stall. Phiko limanyamula ndege pokhapokha mpweya ukamayenda mosalala pamwamba pake. Mukalidzutsa kwambiri moyang'anizana ndi mpweya, kufika cha m'madigiri 15, mpweyawo umasweka ndipo mphamvu yonyamula imagwa. Mankhwala ake ndi kutsitsa mphuno, chinthu chimene mantha amakana. Mphunzitsi adzakuchititsani zimenezi muli pamwamba kwambiri mpaka manja azichita okha. Chachiwiri ndi kuzima kwa injini. Injini monga Rotax 912 ya ku Austria, ya mphamvu ya mahatchi 80, ndi zodalirika, komabe timaphunzira ngati kuti izima lero. Mphunzitsi amachotsa moto mosakuchenjezani n'kufunsa kuti mutera pati. Ndege siigwa ngati mwala, imayandama ikutsika, ndipo chifukwa microlight imatera pa liwiro lochepa, dambo kapena munda wosalala umakwanira. Mpaka lero ndikamauluka, maso anga amakhala akusankha malo oterapo, mosaganizira n'komwe.

Posankha sukulu, yang'anani munthu kuposa ndege. Onetsetsani kuti mphunzitsi ali ndi chilolezo chophunzitsira ndipo maola anu akulembedwa m'buku lovomerezeka. Muone ngati amakhala nanu pansi kukambirana musananyamuke ndiponso mukatera. Koposa zonse, muone ngati amatha kunena kuti lero sitiuluka. Tsiku lina ndinayenda mtunda wautali kupita ku phunziro, kumwamba kuli mbee, ine mtima uli dyokodyoko. Mphunzitsi wanga anandiimika pafupi ndi kansalu kosonyeza mphepo, n'kundiuza kuti ndikayang'ane kwa mphindi zisanu. Kanali kugwa, kudzuka mwamphamvu, kutembenukira chopingasa msewu, kugwanso. Anandifunsa kuti ndikanakhala ndekha ndikanatani. Ndinayankha monyinyirika kuti sindikananyamuka, iye n'kuti phunziro la lero ndi lomwelo. Ndinabwerera ndili wokhumudwa, koma m'zaka zonsezi palibe phunziro limene ndaligwiritsa ntchito kawirikawiri kuposa limenelo.

Mudziwenso malire a pepala limene mukulifunalo. Laisensi ya microlight ndi ya dziko limene laipereka, ndipo kuti muuluke nayo kwina pamafunika chilolezo cha kumeneko. Ndi ya masana, mukuona pansi, kunja kwa mitambo. Mukhoza kunyamula mnzanu, koma osati kuchita malonda onyamula anthu, ndipo payokha siikufikitsani ku ntchito yoyendetsa ndege zikuluzikulu. Imafunanso kuisamalira: ku Britain pamafunika maola 12 m'miyezi 24, limodzi mwa iwo muli ndi mphunzitsi. Kuyankhula pa wailesi ya ndege kuli ndi mayeso akeake. Mwina mudzamva kuti ku America lamulo lotchedwa Part 103, la mu 1982, limalola kuuluka popanda laisensi pa kandege ka munthu mmodzi kosafika makilogalamu 115 kakakhala kopanda kanthu. N'zoona, koma chonde musaganize zodziphunzitsa nokha chifukwa cha zimenezo.

Choti muchite mwezi uno ndi ichi: pezani sukulu, mupemphe phunziro loyesera la ola lathunthu, osati kungokwezedwa ngati ulendo wathawu. Muwauze kuti mukufuna kugwira nokha chiwongolero, ndipo olalo alilembe m'buku chifukwa limawerengedwa. Ngati ndi flexwing, valani zofunda ngakhale pansi kukutentha, pakuti kutentha kumatsika pafupifupi madigiri 2 pa mafiti 1,000 alionse, ndipo mphepo imalowa paliponse pamene pali mpata. Mukatera mundilemberenso, mundiuze kuti manja anu anakonda chitsulo kapena ndodo.