Musawabweze bambo pa khomo la opaleshoni

Achemwali, mwati bambo ali ndi chilonda m'mbali mwa lilime, ku chipatala cha boma kuno ku Mangochi anawatumiza ku Queens, ndipo kanyama komwe anatapa kasonyeza kuti ndi khansa. Tsopano achibale akukana opaleshoni, ati khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imalusa. Ndiye mukufunsa ngati angachire.

Chonde musalole kuti mawu amenewo awachedwetse. Pa khansa ya lilime ndi m'kamwa, opaleshoni ndiye thandizo lalikulu. Dokotala amachotsa chotupacho pamodzi ndi mnofu wabwino pang'ono wozungulira, ndipo nthawi zambiri amachotsanso timwanabere ta m'khosi chifukwa khansayi ikamayenda imayambira kumeneko. Imene anthu amati "yalusa ndi mpeni" imakhala kuti inafalikira kale pomwe wodwalayo anali kuzungulira kwa asing'anga.

Kuchira kumadalira pomwe matendawa afika. Chotupa chikakhala chaching'ono, chisanafike m'khosi, m'mayiko momwe amawerengera bwino odwala pafupifupi 8 mwa 10 amakhala akadali moyo patatha zaka 5. Chikafika m'timwanabere mwayi umatsika kwambiri. N'chifukwa chake sabata iliyonse ndi yamtengo. Mukapita, funsani mosaopa kuti: "Ili pa siteji yanji? M'khosi yafika?" Lembani zomwe akuyankheni, ndipo tsiku lomwe akupatseni musaliphonye ngakhale ndalama ya basi ichite kubwerekedwa.

Akatha opaleshoni angawauze za radiotherapy (kuwotcha khansa ndi cheza cha makina), yomwe imatenga pafupifupi masabata 6, masiku 5 pa sabata, nthawi zina pamodzi ndi chemotherapy (mankhwala opha khansa). Kale anthu ankapitira kunja, koma pano makina alipo ku National Cancer Centre ku Lilongwe, pafupi ndi Kamuzu Central. Asanayambe, mano aonedwe kaye, ovunda azulidwe, apo ayi chibwano chimavuta kupola.

Chimene chimagwetsa odwala ambiri ndi njala. Pa nthawi ya radiotherapy m'kamwa mumatuluka zilonda, malovu amauma, nsima sipita. Muziwaphikira phala lamadzimadzi lothira nsinjiro, mazira kapena usipa wosinja, msuzi wa chambo wopanda minga komanso wopanda tsabola, pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku. Akanena zoika chubu chodyera musaone ngati ndi mapeto; chimangowathandiza kusunga thupi. Kulankhula kudzasintha poyamba, muwalezere mtima.

Fodya, wosuta ngakhale woika m'kamwa, ndi kachasu asiyiretu lero lomwe, chifukwa zimachedwetsa bala kupola ndipo zimabweza matendawa. Ngati amamwa ma ARV kapena mankhwala a shuga, auzeni madokotala ndipo asawasiye. Ululu ukakula pemphani morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu; m'zipatala za boma ndi waulere, ndipo ku Queens kuli Tiyanjane Clinic yosamalira zimenezi.

Amalume kapena aliyense amene akukana kwambiri, mutengeni akamve yekha kwa dokotala pa ulendo ukubwerawu.