Za "house on fire" zija, mtima m'malo achemwali

Achemwali mwafunsa muli ku care home (nyumba yosamalira okalamba) ku Stoke-on-Trent ku England inu, khazikani mtima pansi, palibe wakunenezani. Mwati senior wanu anakupezani mu lounge muli ndi agogo ena aakazi nkunena kuti "you two get on like a house on fire" nde usiku onse simunagone mukuganiza kuti akuti inu ndi agogowo mumayambana mpaka moto buu. Mwafunsanso chifukwa chake aliyense akukuitanani "duck", chifukwa chake manijala akukana kuti muziwatchula madam, zoti mnzanu wina anati "we must go for a coffee sometime" koma mpaka lero kuli zii, komanso mwapempha kuti tikulembereni ma idiom ambirimbiri oti muloweze.

Za nyumba yoyakayo ndi chiyamikiro. Akutanthauza kuti mwagwirizana msanga ndipo kwambiri, mmene moto umathamangira ukagwira nyumba. Amakonda kunena choncho kwa anthu amene angodziwana kumene koma macheza awo ngati anakulira limodzi, nchimodzimodzi akati "they hit it off", kungoti iyi imanena za tsiku loyamba lenileni lokumana. Ndipotu pantchito yanuyo mawu amenewo ndi abwino heavy chifukwa agogo ena amakana kusambitsidwa kapena kudyetsedwa ndi munthu wina aliyense, nde senior akaona kuti inu amakulolani dziwani kuti pa rota, ndandanda wa ntchito uja, muzipezeka nawo pafupipafupi kkkk.

Koma pali ena ofanana nawo oti muziwamvera ndi khutu lina. "Thick as thieves" ndi "joined at the hip" onse amanena za anthu a ponda apa nane mpondepo. Akanena mnzanu akuseka palibe kanthu. Koma akanena manijala, za inu ndi mnzanu wa ku Zimbabwe kapena wakwathu amene mumakhala limodzi pa bureki iliyonse mukuyankhula chinenero chanu, nthawi zambiri ndi kachenjezo kovala suti, akuti anthu inu mwanyanya kukhalira pamodzi, ena akuona ngati mukuwanena. Mngerezi sangakuuzeni maso ndi maso kuti siyanani, amaponya kamwambi nkumwetulira basi. Ndipo chonde liwu loti thick musalitchule palokha kwa munthu, "you are thick" nkutukwana, ndiko kuti ndiwe mbuli, mutu ngouma.

Liwu limene mulimve tsiku lililonse kumeneko ndi "get on". Aku America amati get along, aku Britain amakonda get on, zonse ndi kugwirizana. Vuto nloti kaliwu kameneka kamasinthasintha. "How are you getting on?" akungofunsa kuti zikuyenda bwanji, ntchito kapena moyo wachilendowu. "She's getting on a bit" akuti mayiwo ayamba kukalamba. "He gets on my nerves" akuti amanditopetsa, amandinyansa. Nde palinso "get off with someone" imene ili nkhani ya kupsopsonana ku pub usiku, musasokoneze on ndi off pamenepo, anthu adzaseka mpaka misozi inu osadziwa chalakwika.

Chimene ndikufuna muchigwiritsitse, chifukwa chingakhudze ntchito yanu ndi visa yomwe, ndi liwu loti familiar. Akakufunsani "are you familiar with this hoist?" akungofuna kudziwa ngati makina onyamulira odwala amenewo mumawadziwa, yankhani zoona, ngati simunaphunzitsidwe nenani. Koma mukadzamva kuti "you are being too familiar" kapena "over-familiar with the residents", limenelo ndi dandaulo ndipo limatha kulembedwa mu supervision, pamene akuluakulu amaunika kagwiridwe kanu ka ntchito. Akuti mwadumpha malire. Ife kwathu kuzolowerana ndi munthu wamkulu ndi chinthu chabwino, umawagwira dzanja, umawauza mavuto ako, akakupatsa kenakake umalandira ndi manja awiri chifukwa kukana mphatso ya agogo nchipongwe. Uko ayi. Kulandira ndalama kapena mphatso kwa resident (agogo amene mukuwasamalira) osauza ofesi, kupatsana nambala ya foni ndi ana awo, kuwaika pa Facebook kapena pa status ya WhatsApp olo ndi mtima wabwino wotani, kuwafotokozera za fizi ya ana anu ku Lilongwe, zonsezo amazitcha kuswa professional boundaries ndipo anthu ntchito inawathera pa zimenezi. Nde gwirizanani nawo agogowo, sekani nawo, koma akadzakupisirani £20 m'thumba la yunifolomu pitani nayo ku ofesi tsiku lomwelo.

Za madam zija. Ine mpaka pano lilime limalemerabe kutchula munthu wa zaka 90 dzina lake loyamba, ife tinakula ndi a Phiri, aNabanda, amake uje, achimwene, ndipo mwana wotchula dzina la munthu wamkulu timati sanaleredwe. Koma kumeneko kukhala "on first-name terms" ndi mmene pafupifupi malo onse antchito amayendera, kuyambira wokolopa mpaka manijala, ndipo sizitanthauza kuti ndinu mabwenzi kapena kuti ulemu watha, amene mukumutchula dzinayo mawa akhoza kukuitanirani ku disciplinary akumwetulira chomwecho. Madam ndi sir kwa iwo zimamveka ngati muli mu shopu kapena mu hotela, pena amaona ngati mukuwanyogodola kumene. Mummy, auntie, granny ndiye osayerekeza, amene munadutsira ku Joni munazolowera mama, sisi, bhuti ndipo kumeneko zimakoma, koma mayi wachingerezi wa zaka 55 mukamuti mummy amangomva kuti mwamuuza kuti wakalamba. Kwa ma resident ndi zosavuta, mu care plan, fayilo ya chisamaliro chawo, mumakhala polembedwa dzina limene amafuna kuitanidwa, ena amafunadi Mrs uje makamaka amene anali aphunzitsi kapena ma nesi, ndipo ngati simunawerenge ingofunsani kuti "what would you like me to call you?" Funso limenelo amalikonda zedi.

Bakha uja nayenso si chipongwe kkkk. Dera lanulo, Stoke, Derby, Nottingham, "duck" ndi mmene amaitanirana, mudzamva dalaivala wa basi bambo wandevu zake akuuza bambo mnzake "ay up duck". Mukapita ku Yorkshire, ku Leeds kapena Sheffield, ndi "love". Ku Newcastle ndi "pet". Ku Glasgow akazi amawati "hen" ndipo amuna "pal". Ku Bristol ndi kumunsi uko ku Devon ndi Cornwall mudzamva mayi wa pa till akukuuzani "alright my lover" ndipo sakukufunsirani ayi. "Mate" ndiye ili paliponse. Apa nde pagona nkhani yonse achemwali, mawu ofundawa sakuyeza ubale. Munthu akhoza kukuitanani love kakhumi patsiku dzina lanu osalidziwa, ndipo "listen, mate" kapena "alright pal" yonenedwa ndi nkhope yolimba ndi chiyambi cha ndewu. Inuyo musathamangire kuwabwezera, makamaka kwa ma resident pamaso pa mainspekitala a CQC, bungwe loyendera ma care home ku England, chifukwa alipo amene amaona darling ndi sweetheart ngati kumusandutsa mwana munthu wamkulu. Dzina lawo ndi lokwanira.

Moni wawonso ngomwewo. "You alright?" si funso lofuna mbiri ya thupi lanu, ndi zabwino zabwino chabe, mumangoti "yeah, you?" mukuyenda. Ife tinazolowera mwadzuka bwanji, kunyumba kuli bwanji, ana adzuka bwanji, kaya mutu uja, mpaka mphindi zisanu titaima panjira. Uko mukayamba kufotokoza za msana mudzaona munthu akuyang'ana wotchi.

Pa nkhani ya kusagwirizana mpamene muyenera kutchera khutu kwambiri chifukwa Angerezi amachepetsa zinthu dala, mawu ang'onoang'ono nkhani ili yaikulu. "We don't always see eye to eye" imamveka yofatsa koma pena ndi anthu oti samwerana madzi. "She's not my cup of tea" akuti mayiwo sindiwafuna. "He rubs me up the wrong way" akuti olo asalakwe kanthu amangondikwiyitsa. "They're like chalk and cheese" ndi anthu osiyana kotheratu, iyi yokha si yoipa kwenikweni, amanena ngakhale za banja lokondana. "They fell out" anayambana, "not on speaking terms" sayankhulana, "cold shoulder" ndi kuja munthu amakudutsa ngati sakukuona. Imene imapusitsa anthu ambiri ndi "there's no love lost between them", ukaimva koyamba umaganiza kuti chikondi chawo chilipo chonse sichinatayike, pamene akutanthauza kuti amadana zenizeni. Mukamva imeneyo za ma senior awiri musakanene za wina kwa mnzakeyo, ndipo musalowerere, inu mwabwera dzulo. Akafuna kukonza zinthu amati "let's clear the air" kapena "bury the hatchet", yachiwiriyi inachokera kwa eni nthaka a ku North America amene ankakwiriradi nkhwangwa zankhondo pansi akapangana mtendere. Ndipo manijala akati "can I have a quick word?" sikuti akufuna liwu limodzi, tengani mpweya, lowani mu ofesi.

Nanga udziwa bwanji kuti akulandiradi? Kwa ine chizindikiro chake ndi banter, kuselewulana. Tsiku limene anzanu a pa shifiti adzayambe kukusekani kuti mumavala majuzi atatu mu June, kapena kuti tiyi wanu mumathira shuga ngati mukuphika thobwa, dziwani kuti mwalowa m'gulu. Zili ngati chisuweni kwathu, msuweni wako amakunena mpaka kukulanda nkhuku pakhomo anthu nkumaseka, chikhalirecho munthu wapadera sangayerekeze. Iwo amati "I'm only pulling your leg", "I'm winding you up", "taking the mickey", ndipo amayembekeza kuti inunso mubweze pang'ono, kapena mudziseke nokha, chimenecho amachilemekeza kwambiri. Amene amakupatsani ulemu wokhawokha, please ndi thank you mwezi ndi mwezi osakuselewulani olo kamodzi, nthawi zambiri ndi amene akadali kutali nanu.

Koma apa ndinene mosapsatira chifukwa ena amabisala kumbuyo kwa liwu limeneli. Nthabwala za khungu lanu, kuyeserera kayankhulidwe kanu kuti ena aseke, kunena kuti chakudya chanu chikununkha nthawi iliyonse mukatenthetsa nsima ndi usipa mu microwave, kufunsa ngati kwanu mumagona m'mitengo, imeneyo si banter olo anene kuti "it's just banter". Equality Act ya 2010 imaletsa kuzunza munthu pantchito chifukwa cha mtundu wake ndipo imakutetezani inunso ngakhale muli pa visa ya sponsor. Lembani tsiku, nthawi, mawu amene ananena ndi amene analipo. Ngati simunalowe union ganizirani za UNISON kapena GMB, onse amatenga ma carer, ndipo ndi bwino kulowa zinthu zisanavute.

Tsopano za mndandanda woloweza uja, ine ndikuti musavutike nawo. Ma idiom amene tinkaloweza pokonzekera MSCE, raining cats and dogs, bosom friend, ndi ena aja a mu kompozishoni, ukawayankhula pa handover, posinthana shifiti paja, umamveka ngati buku lakale ndipo anthu amangokuyang'ana. Chofunika nkuwamva akanenedwa, kuyankhula kwanu kukhale kwa Chingerezi chosavuta, "we get on well", "I like working with her", basi zakwana, enawo adzalowa okha pakamwa pakapita nthawi osadziwa nkomwe. Ndipo mukamva wachilendo funsani pompo kuti "what does that mean?" Sadzakusekani, anthu a ku Stoke amanyadira kayankhulidwe kawo moti adzakuwonjezerani ena asanu, ndipo agogo a mu lounge aja ndiye aphunzitsi abwino kuposa Google chifukwa nthawi ali nayo yambiri. Kufunsa komweko ndi njira ya "breaking the ice", kuyambitsa macheza pamene anthu akuchitirana manyazi. Ina ndi nyengo, dandaulani za mvula ndi kuzizira, simudzasowa wovomera. Inanso ndi ketulo, mukamapanga tiyi wanu funsani "anyone want a brew?" nkukumbukira amene amamwa wopanda shuga.

Khofi uja musamudikire. "We must go for a coffee sometime", "you must come round", "pop in anytime" nthawi zambiri ndi njira yotsazikira mwaulemu, akuti ndakondwa kucheza nawe, osati kuti ubwere. Ndipo musadzangotulukira pakhomo pa munthu Lamlungu masana mmene timachitira ku Ndirande kapena ku Kawale, adzatsegula chitseko theka nkhope ili yodabwa. Kuitana kwenikweni kumakhala ndi tsiku ndi nthawi. Nde ngati mnzanuyo mwamukondadi yambani ndinu, onani rota, pezani tsiku loti nonse muli off, mumulembere meseji kuti "are you free Thursday at 2?" ndi dzina la malo. Akavomera kapena akapereka tsiku lina ndiye kuti ankanena zoona. Akati "I'll let you know" kawiri motsatizana musiyeni, muzingopatsana moni bwinobwino pa shifiti, sikuti amakudani. Ndipo mukapita tengani khadi yanu, aliyense amalipira zake pokhapokha anene yekha kuti "my treat".