Yankho kwa asuweni pa za sakisofoni ya mnyamata

Eee, asuweni, mwaswera bwanji ku Moatize kumeneko? Uthenga wanu ndaumva. Akuti sakisofoni imagulidwa ndalama zingati... mm. Inu ndimakudziwani. Ukanakhala mtengo wokha mukanaufufuza pafoni yanu yomweyo. Mwafunsira pagulu pano dala, kuti wamkulu wina anene kuti mnyamata wanu wofuna sakisofoniyo asiye zoimbazo, inu mupepukidwe. Ndanama? Musaseke.

Amalume anga, abambo anu aakulu aja, chisakisofoni chawo chija anabwera nacho kuchokera ku Joni... ayi, ku Bulawayo, ku Joni anapita pambuyo pake. Chosuluka kale, mabatani ena omanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Tsiku lothawa nkhondo ya ku Mozambique lija, anthu atasenza mapoto ndi mabulangete kulowera ku Dedza, iwo bokosi lija pamutu. Akazi awo anawanyanyala mpaka... aa, mukudziwa nokha. Koma kumsasa kuja, madzulo ana ankawaunjirira. Sikuti ankangowaimbira ayi. Ankamuimika mwana, dzanja pamimba, amvekere mpweya uchokere kuno, masayawo usatupitse. Liwu limodzi lokha, kulikoka, kulikoka, mpaka mwana misozi lengelenge. Kabango ka pakamwa paja kakang'ambika, akagule kuti? Ankasema okha bango la kudambo ndi lumo, n'kulinyowetsa m'kamwa. Linkalira ngati bakha, koma phunziro silinaime. Mtendere utabwera mu 1992, ife n'kubwerera ku Ulongué, anyamata omwe aja ndi amene anadzatsogolera makwaya, wina ku Domue, wina ku Tsangano. Amalume ndalama ya kuimba sanaigwire, ndipo ndikudziwa kuti chikukuopsani n'chimenecho.

Komatu pano njira ilipo. Moreira Chonguiça, katswiri wa sakisofoni wa ku Maputo uja, anayambira kusukulu ya nyimbo ya Escola Nacional de Música ali mwana, kenako n'kukaphunzira ku University of Cape Town. Anajambula chimbale ndi Manu Dibango, katswiri mnzake wa ku Cameroon, amene anamwalira mu 2020. Ndi kutchuka konseko amaphunzitsabe achinyamata, gulu lawo ndi More Jazz Big Band. Ku Universidade Eduardo Mondlane nakonso kuli maphunziro a nyimbo, munthu amatuluka ndi digiri. Woimba jazi kuitanidwa n'kwa apo ndi apo, koma akamaphunzitsa, ana ake amadya mwezi ndi mwezi.

Ndiye... ine ndikuti mwanayo musamuletse. Mumupezere kaye mphunzitsi, chida chibwere pambuyo. Afunse kumatchalitchi ku Tete mtauni, afunse oimba m'mabandi. Ayambire pa sakisofoni yocheperako ya alto, ngakhale yakale yobwereka, yokulirapo ya tenor imalemera pakhosi. Aphunzire kuwerenga manotsi, sukulu osasiya.

Mwamva? Mphunzitsi kaye. Mametikali anuwo, amene mumamanga pansonga ya chitenje mpaka mfundo kukanika kumasuka, asungeni, adzagwira ntchito akatha chaka akuliza osagwa ulesi. Koma kumuletsa kokha ayi, asuweni, ndapota nanu. Mufunireni womuphunzitsa.

Loweruka ndikwera chapa ndidzamumve ndekha. Mugule nsomba ya chicoa, osati kapenta wanu uja.