Kwa bambo a ku Vila amene akufuna kuthira ndalama zonse za mbatatesi pa ngongole ya nyumba

Achimwene, ndawerenga funso lanu kawiri, ndi mayankho a anzathu omwe. Kwa amene sanalione: bambowa adatenga ngongole ya nyumba ya 1,200,000 MT ku banki, ya zaka 15, chiwongoladzanja chili cha m'ma 20 peresenti, ndipo alipira kale zaka 3. Mayi a kunyumba ali pa ntchito ya boma, bambowo amagula ndi kugulitsa mbatatesi ndi soya, ali ndi kachigayo. Chaka chino malonda ayenda, m'manja muli 250,000 MT. Iwo akufuna kukathira zonse ku banki kuti ngongole ithe msanga, mayi akukana, ndiye m'nyumba mwavuta.

Ambiri pano akuti thirani zonse, ngongole ndi ukapolo. Ine ndikuti thiraniko, koma osati zonse, ndipo mayiwo musawaone ngati akukubwezani m'mbuyo. Ndikulankhula ngati munthu amene adathira zonse tsiku limodzi n'kulira patapita miyezi 6.

Ndiyambe ndi mbali imene mukunena zoona, chifukwa ndi yaikulu kuposa mmene mukuganizira. Ndatenga manambala anuwo n'kuwerengera ngati kuti 20 peresentiyo sinasinthe. Prestação yanu, ndalama imene mumalipira ku banki mwezi ndi mwezi, ndi pafupifupi 21,076 MT. Mwezi woyamba, pa ndalama imeneyo 20,000 idapita ku chiwongoladzanja, imene idadula ngongole yeniyeni ndi 1,076 yokha. Pa zaka 3 mwapereka pafupifupi 758,700 MT, koma mukafunsa lero akuuzani kuti mwatsala ndi cha m'ma 1,147,500. Ngongole yatsika ndi 52,500 basi. Sikuti akukuberani, ndi mmene ngongole ya prestação yofanana mwezi ndi mwezi imayendera. Chiwongoladzanja amawerengera pa ndalama yotsala, ndiye zaka zoyambirira, pamene yotsalayo ndi yaikulu, chimadya pafupifupi zonse zimene mukupereka. Mukangoitsata mpaka kumapeto mudzakhala mutapereka pafupifupi 3,790,000 MT pa nyumba ya 1,200,000.

Tsono onani chimene 100,000 MT ingachite mutaithira lero pa ngongole yeniyeniyo. Mukauza banki kuti prestação ikhale yomweyo koma nthawi ifupike, miyezi 144 imene yatsala imatsika kufika pafupifupi 107. Zaka 3 zachoka. Chiwongoladzanja chimene mwapulumutsa chikuyandikira 690,000 MT. Koma mukasankha njira inayo, yoti nthawi ikhale yomweyo prestação itsike, itsika ndi 1,840 MT chabe pamwezi, ndipo mupulumutsa cha m'ma 165,000. Ndalama ndi yomweyo, kusiyana kwake n'kumeneko. Anthu ambiri sadziwa kuti pali kusankha, amangolandira chimene wa pa kauntala walemba. Pa chikalata mudzaona mawu akuti redução do prazo ndi redução da prestação. Loyambalo ndi limene limadula zaka.

Ndiye ngati phindu lake ndi lotere, bwanji ndikukuletsani kuthira zonse? Chifukwa ndalama ikalowa m'khoma la nyumba siituluka. Banki ikalandira 250,000 yanu mu Julayi, mu Januwale idzafunabe 21,076 yake pa tsiku lake, sidzati bambo aja adatipatsa zambiri, tiwapumitseko. Munthu wa malipiro a pamwezi zimenezi sizimuopsa kwenikweni. Inu ndi ine ndalama zathu zimabwera ngati madzi a mumtsinje wa Revúbuè, nthawi ina osefukira, nthawi ina mpaka kuoneka miyala. Chigayo mu Febuluwale chimagaya chiyani, pamene nkhokwe za anthu zapepuka ndipo wobwera ali ndi kachitini kamodzi? Ndi miyezi yomweyo ana amatsegulira sukulu, feteleza wobereketsa akufunika, malungo ali pakati pa ana, misewu ya ku Tsangano yaterera galimoto sizikufika kumunda.

Ine zidandichitikira motere. Ndili ndi kashopu ka zitsulo ndi simenti, ngongole yanga inali yocheperapo kuposa yanu. Chaka china nditagulitsa bwino nthawi ya fodya, alimi akumanga, ndidasesa zonse za mu akaunti n'kukathira pa ngongole. Ndidatuluka mu banki ndikuyenda ngati mfumu. Mu Disembala apongozi adatisiya, maliro onse adagwera ine. Mu Januwale wondipatsa simenti adati ngongole ayi, ndalama patsogolo. Prestação nayo ili pakhomo. Ndidathera kwa munthu wa katapila amene adandibwereka 40,000 kuti ndibweze 52,000 pakutha mwezi. Werengani nokha, 30 peresenti pa mwezi umodzi, kuthawa 20 peresenti ya pa chaka. Ndidaibweza m'miyezi itatu, ikuberekana, ndipo shopu idakhala ndi mashelefu opanda kanthu mpaka Epulo. Makasitomala amene adapita kwa mnzanga wa tsidya la msewu nthawi imeneyo ena sadabwererenso. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, ndinali ine.

Funso limene simunayankhe m'zolemba zanu ndi ili: mu 250,000 imeneyo, phindu ndi zingati, mpamba ndi zingati? Ife a geni timakonda kutcha ndalama yonse ili m'thumba kuti "ndapeza". Ngati mudalowetsa 120,000 pogula mbatatesi, matumba, aganyu ndi transipoti, ndiye kuti mwapeza 130,000, inayo ndi khasu lanu. Mpamba musaugwire. Ngati 100,000 mu geni yanu imazungulira katatu kapena kanayi pa chaka n'kusiya 10,000 ulendo uliwonse, ikukupatsani zoposa zimene banki ikukudyerani, ndipo ndi imene ikulipira prestação. Koma apa muwerenge mosadzinamiza. Muchotse matumba amene adawola podikira galimoto, ulendo umene mudafika ku Tete mtengo utagwa, dizilo, malamba ndi sefa za chigayo, ndi ngongole za achibale zimene mukudziwa kuti sizidzabwera. Ambiri tikawerenga motero timapeza kuti geni ili ndi malire, ndalama ina pamwamba pa mpamba woyenera imangogona kapena kudyedwa pang'onopang'ono. Imeneyo ndiyo ya ku banki.

Ndikadakhala inu, ndipo ngati 250,000 yonseyo ndi phindu, ndikadagawa chonchi. Choyamba 63,000 ya ma prestação atatu, Januwale, Febuluwale ndi Malichi, ndiike pa akaunti ina yopanda khadi m'thumba, kapena pa depósito a prazo, akaunti yotsekera ndalama kwa nthawi yoikika, yothera mu Disembala. Chiwongoladzanja chake n'chochepa poyerekeza ndi cha ngongole, inde mukuluzapo, koma kuluzako ndi mtengo wogulira tulo. Kenako ya sukulu, feteleza ndi mbewu, mukudziwa nokha kuchuluka kwake, tingoti 45,000. Ina 40,000 ya zogwa mwadzidzidzi, matenda, maliro, mota ya chigayo. Yotsala cha m'ma 100,000 ipite ku banki sabata ino, osadikira, chifukwa mwezi uliwonse imene yakhala m'nyumba ikukudyerani 1,667 MT. Mukafika mu Meyi ndalama ya mwadzidzidzi ija isanakhudzidwe, musaithire, ingokhalani nayo ya chaka chamawa, ndiye phindu la chaka chimenecho lidzapita lochulukirapo.

Ndalama yosungayo ikhale mu meticais. Ndikunena izi chifukwa ife a m'malire, ogulitsa ku Calómuè ndi ku Lizulu, timakhala ndi makwacha m'matumba. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene adasunga makwacha kuti adzasinthe pa nthawi ya prestação akudziwa mmene zidawawira. Ngongole yanu ili mu meticais, nkhokwe yake ikhalenso momwemo. Komanso isakhale pa M-Pesa kapena e-Mola ya foni imene mumayenda nayo, pamenepo ndalama imatha ndi ma 500 a "ndithandizeniko achimwene".

Zina ziwiri zimene ogwira ntchito zathuzathu timaiwala mpaka zitatipeza. Msonkho: ngati mudalembetsa ku ISPC, msonkho wa amalonda ang'onoang'ono, lamulo la 2009 lidaika 3 peresenti pa zogulitsa zonse, osati pa phindu, ndipo umalipidwa miyezi itatu iliyonse. Chaka chimene mwagulitsa kwambiri ndi chimenenso msonkho umakula, ndiye patulanitu musanawerenge phindu. China ndi INSS, bungwe la penshoni ya ogwira ntchito. Munthu wodzilemba yekha ntchito amatha kulembetsa n'kumapereka 7 peresenti ya ndalama imene wanena kuti amapeza. Mayi ali ndi penshoni ya boma, inu mulibe. Nyumba yopanda ngongole siidzakugulirani ufa muli ndi zaka 70. Ndipo ngati pali ngongole ina iliyonse yodula kuposa ya nyumbayi, ya microcrédito, ya njinga yamoto, ya ku gulu la poupança imene imawerengedwa pamwezi, iyambe kufa ndi imeneyo.

Tsopano za ku banki kwenikweniko. Musangoika ndalama mu akaunti n'kuganiza kuti yadula ngongole. Ine ulendo wachiwiri ndidachita zimenezo, ndalama idangokhala, iwo n'kumatapapo prestação mwezi ndi mwezi ngati kale, mpaka nditafunsa patapita miyezi iwiri. Pamafunika kalata yopempha amortização antecipada parcial, kutanthauza kubweza gawo la ngongole nthawi isanakwane, yonena kuchuluka kwa ndalama ndi kuti mukufuna redução do prazo. Musanalembe, tsegulani kontrakiti yanu muone ngati pali comissão yolipira pobweza msanga, ndi masiku angati amene muyenera kuwadziwitsiratu. Ngakhale italipitsa 2,000 kapena 3,000 pa 100,000, phindu lija likadali lalikulu, koma mudziwiretu. Kalatayo akudindireni kope lanu. Pambuyo pake mupemphe plano de amortização yatsopano, ndiyo ndondomeko ya kabwezedwe ka ngongole, muone ndi maso anu kuti capital em dívida, ngongole yeniyeni yotsala, yatsika ndipo tsiku lomaliza lasuntha. Funsaninso za inshuwalansi ya moyo imene imayenda ndi ngongoleyi, ngati amawerengera pa ndalama yotsala iyenera kutsikako.

Muonenso ngati chiwongoladzanja chanu n'chokhazikika kapena choyenda. Ngongole zambiri kuno zimamangidwa pa prime rate, imene imalengezedwa mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo spread, peresenti imene banki yanu imaonjezera pamwamba pake. Prime rate imatsatira taxa MIMO, chiwongoladzanja chimene banki yaikulu ya dziko, Banco de Moçambique, imaika. Chaka chonse cha 2023 MIMO idali pa 17.25 peresenti, prime rate n'kufika pa 24, ndipo ambiri tidaona prestação ikukwera popanda kutenga ngongole ina. Kuyambira Januwale 2024 adayamba kutsitsa MIMO. Ikatsika ndipo prestação yanu yatsika nayo, musazolowere kudya kusiyanako, kusonkhanitseni mudzakathire pamodzi. Spread nayo imakambidwa. Munthu amene walipira zaka 3 osaphonya ali ndi pakamwa pofunsira kuti amuchotsereko, makamaka akasonyeza kuti banki ina ikumufuna. Koma mbiri yabwinoyo imaonongeka ndi mwezi umodzi wophonya, chifukwa dzina limakalowa ku Central de Registo de Crédito kumene mabanki onse amaona. N'chifukwa chake ma prestação atatu aja ndawaika patsogolo pa zonse.

Wina pamwambapa wati bola kugula malo ena ndi ndalamayo. Kumbukirani kuti kuno nthaka ndi ya Boma, lamulo la nthaka la 1997 silola kuigulitsa kapena kuiika chikole. Chimene tili nacho ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ndipo chimene banki idagwira kwa inu ndi nyumbayo, osati dothi. Puloti yopanda chomanga siikubweretserani kanthu pamwezi, pamene ngongole ikudya 20 peresenti. Ine sindingachite. Ndipo tsiku limene mudzamalize, musadzangovina n'kuiwala, mudzatenge chikalata cha banki chotsimikiza kuti ngongole yatha mukafafanizitse hipoteca ku Conservatória do Registo Predial, apo ayi nyumba idzaonekabe ya chikole pamene ana anu adzafune kuchita nayo kanthu.

Za mayi. Mwalemba ngati kuti iwo ndi amantha. Taganizani, geni ikaima, monga idaimira misewu itatsekedwa kumapeto kwa 2024 kapena chilala cha chaka chomwecho chitapsereza minda, banki imayamba kugwira malipiro a ndani? A iwo. Ndi iwo amene adzaone akaunti itaphwa pa 30, ana akufuna chakudya, Credelec ikulira. Ndiye akamati tisunge, akunena za mwezi umene adzausenze okha. Khalani nawo pansi ndi kope, muwaonetse 690,000 ija ndi zaka 3 zija, inunso mumve mndandanda wawo wa Januwale. Kwathu tidagwirizana kuti chaka chilichonse mu Ogasiti, malonda atatha ndi msonkho utalipidwa, timawerenga limodzi, nkhokwe ikadzaza yotsala imapita ku banki, kaya ndi 80,000 kaya ndi 15,000. Ndalama ya shopu ili ndi akaunti yake, ine ndimadzilipira malipiro pamwezi ngati wantchito, ndipo ya ndiwo siichokanso mu kabati ya shopu. Ngongole yathu ya zaka 12 tidaimaliza m'zaka 8.

Mukapita ku banki mutenge BI, NUIT ndi kontrakiti, ndipo ngati ngongoleyo mudasainira awiri, mayi apite nawo, chifukwa angathe kukubwezani kuti kalatayo isainidwe ndi nonse. Akakupatsani plano yatsopano, bisani dzina ndi nambala ya akaunti muitumize pano, tidzaonere limodzi ngati adula zaka kapena angotsitsa prestação.